Chilonda cha pa Lilime la Vernon

Dokotala atangotsegula chitseko, Vernon Halvorsen anagwira mpando ngati akufuna kuuzula. Chilonda chinali chitamudya m'mbali mwa lilime kwa miyezi, cholimba m'mphepete, chosamva mankhwala. Tsiku limene anamudula kanyama kokapima, iye anadziweruza yekha: khansa. Fodya wa paunyamata uja wamupeza. Ndiye kuti basi ya sukulu, imene wakhala akuyendetsa m'misewu yoterera ya mumzinda wa Duluth kuyambira asanamere imvi, aipereka kwa wina. Zimenezo zinkamuwawa kuposa lilimelo.

Mkazi wake, Darlene, anangoti zii pambali, maso pansi. Mayi wolongolola ngati ameneyu! Vernon anamumvera chisoni.

"Bambo Halvorsen," anatero Dokotala Pruitt, "si khansa."

"Mwati bwanji?"

"Si khansa. Ndi chilonda chosowa kwambiri, anzathu ena amapuma pantchito asanachionepo. Chimangoopsa ndi maonekedwe. Ndikupatsani mankhwala opaka, chipola."

Vernon anaseka mpaka misozi. "Wamva, Darlene? Diresi lakuda lamaliro lija ukabweze kusitolo, mayi iwe! Mawa ndili pa chiwongolero."

Darlene sanaseke.

"Kungoti chimayamba ndi kudziluma," dokotala anapitiriza. "Tikapanda kupeza chokulumitsani, chibweranso. Tayasamulani."

Anayendetsa chala pa mano onse. Losongoka panalibe, lobenthuka panalibe. Anayatsa katochi n'kusuzumiranso, nkhope yake n'kusintha.

"Pali zipsera zakale apa, zakuya ndithu. Munthu ali maso sadziluma chonchi. M'mawa mumadzuka bwanji?"

"Wotopa, mutu ukuwawa. Nanga ukalamba umatani? Koma tulo ndiye ndimagona tofa nato. Funsani akazi angawa."

Dokotala anatembenuka. Anayang'ana Darlene.

"Mayi?"

"Ndinkaopa, Vernon," anatero Darlene, mawu ali pansipansi. "Akakulanda laisensi, iwe watha. Ndimakudziwa."

"Laisensi yalowa bwanji apa?"

"Chiyambire chaka chatha umagwa khunyu kutulo. Umauma gwa, kuphupha, magazi pa pilo. Ine ndimakupukuta, n'kusintha nsalu usanadzuke." Anadzutsa maso n'kuyang'ana mwamuna wake. "Kukacha ndimakulongedzera chakudya, n'kuima pawindo kukuona ukupita kukanyamula ana a eni ake."