Anamwetsa Mkazi Wake Mankhwala a Makoswe

Panali munthu wina dzina lake Levison, amene ankasesa m'zikwere za makoswe oyera pa labu ina ku Area 14. Makoswewo ankawadonthezera mankhwala oyesera kenako n'kuwaika pa chitsulo chotentha. Khoswe amene wamwa sankanyamula n'phazi lomwe, ululu osaumva.

Tsiku lina Levison anafunsa a Dokotala Wiza, mayi wa ku Rumphi amene ankayang'anira ntchitoyo.

"Madamu, mankhwala amenewa sangathandize munthu wodwala msana?"

"Ayi, a Levison. Malo a mu ubongo amene amatseka ululu ndi omwewonso amayendetsa BP. Mukagwira uku, uko kumasokonekera. N'chifukwa chake tikuyesa pa makoswe, osati pa anthu."

Levison mumtima anangoti ophunzira ndi choncho, zabwino amasungira abale awo.

Mkazi wake Eveless ankagulitsa kabichi mumsika waukulu m'tauni. Msana unkamuwawa chifukwa chosenza matumba, komanso ankamwa mapilisi a BP. Levison anaba kabotolo kamodzi. Ndiye tamvani masamu a chitsiru. Akuti khoswe amalandira dontho limodzi, nanga mayi wathupi chonchi ndi makoswe angati? Anatunga masupuni atatu n'kumupatsa mkazi wake.

"Bambo a Thoko, zimenezi mwazitenga kuti?"

"Imwani, n'za madokotala. Mapilisi anu aja musiye, awa athana nazo zonse."

Masiku awiri mayiyo ankasenza matumba ngati mtsikana, kumutamanda mwamuna wake. Tsiku lachitatu anagwa pakati pa msika. BP inali itakwera koopsa, koma sanamve ngakhale mutu kuwawa. Kamwa linapotoka, mkono ndi mwendo wakumanja zinafa.

Levison anathamangira kuntchito ali ndi ukali.

"Madamu, bwanji makoswe anu aja amakhala bwinobwino?"

"Bwinobwino? Jumbo yakuda imene mumakawotcha Lachisanu lililonse, munayamba mwaitsegula?"

Anali asanaitsegulepo. Zaka zinayi akunyamula makoswe akufa osadziwa.

Ntchito inatha tsiku lomwelo. Eveless mpaka lero amachita kumudyetsa, ndipo benchi yake mumsika anatenga wina.

Phunziro: Kusesa mu labu si udokotala. Ululu ukaleka sindiye kuti matenda atha, ndipo mapilisi a BP sasiyidwa chifukwa mwamuna wanena. Inunso ophunzira, muzitionetsa zimene mumatinyamulitsa. Tumizani uthengawu kwa aliyense amene ali ndi m'bale wobweretsa timabotolo kuchokera kuntchito.