Mapiritsi a Pawindo

Wogulitsa mankhwala wa pakona uja ndiye wapundula mdzukulu wanga. Ndikunena poyera, akandimange.

Mapiritsi a amayi oyembekezera, a foliki asidi aja, amabwera m'botolo lakuda. Iye amawakhuthulira m'botolo loonekera mkati n'kuliika pawindo, padzuwa, ati odutsa azikopeka.

Mwana wanga ankamwa amenewo osaphonya. Khanda labadwa ndi bala lotseguka kumsana. Namwino ataona otsalawo, otumbuluka ngati choko, anangoti, "Kuwala kwa dzuwa kumaononga mankhwalawa, mayi. Mwina anali atatha mphamvu."

Tsopano ndaima m'sitolo mwake, botolo lapawindolo lili m'manja mwanga. Likutentha ngati nsimbi.

"Amayi, bwezerani pomwepo," akutero wogulitsayo uku akumwetulira. "Mankhwala si mkaka, sasasa ayi."

"Iwe, tabwera udzaligwire! Amuna anga akanakhala moyo, mano ukundisekerawo bwenzi ukutola pansi."

Kumbuyo kwanga kwaima mtsikana wapakati, nkhope yaubwana. Akudikira mapiritsi omwewa, ndipo wandipempha mwaulemu kuti ndimpatseko njira.

Inu mukuwerenganu, musangondiyang'ana. Ndilibweze pawindo botololi? Ndiyankheni!