Kadontho ka a Ndendende

Manambala pa kompyuta anafiira kusonyeza kuti ntchito yalakwika, ndipo a Ndendende anavula magalasi n'kuwapukuta ngati vuto linali magalasiwo.

Pa tebulo lamwala la makina oyezera panali chitsulo cha mabuleki a basi. Amene anachiboola anali mkamwini wawo, yemwe abwana anali atamuuza kuti akadzalakwitsanso adzavule ovolosi. Kunyumba mkazi wake, mwana wa a Ndendende, anali wodwala pakati.

"Bambo, chatuluka bwanji?" anafunsa mkamwiniyo ataima pakhomo. Munthu wa girisi m'manja sankalowa m'chipinda chozizirachi. Lamuloli anaika ndi a Ndendende omwe, tsiku lomwe anakhoma chikwangwani chakuti MAKINA SANAMA.

"Taima kaye, iwe. Makina sanamalize."

Asanayeze mabowo, makinawo amayamba agunda chitsulo pa timadontho tosankhidwa kuti adziwe mmene chakhalira. A Ndendende anatsegula kadontho kachitatu pa kompyuta n'kukasunthira pambali pang'ono, pomwe chitsulocho chinali ndi kachitunda. Mkono wa makina unatsika mwaulemu, kamutu kake kofiira kanakhudza pomwe kanauzidwa, ndipo pa kompyuta mabowo okhota a mkamwini anawongoka okha. Manambala onse anabiriwira.

Anadinda chidindo chawo chovomereza osayang'ana.

Mkamwini anaomba m'manja, misozi ili lengelenge. "Ndimadziwa ine kuti sindinalakwitse! Paja mumanena, bambo, makina sanama."

"Sanama."

"Basi, zitsulo zotsala zonse zija ndikaziboola chimodzimodzi."

Anathamangira ku ntchito yake akuimba mluzu. A Ndendende anavulanso magalasi aja.