Pulogalamu Yodzilemba Yokha

"Miyezi itatu yonseyi ukundipusitsa!" anakalipa a Zikhalo, mkulu wa bungwe la alimi a kachewere ku Dedza. Anali atapeza Filomena, kalaliki wawo, atangokhala, mizere ya pulogalamu yolembetsera alimi ikudzilemba yokha pakompyuta.

"Bwana, ndinaikamo chida cholemba mapulogalamu. Ndimachiuza zimene tikufuna, icho n'kulemba."

"Ndiye iweyo ntchito yako n'chiyani? Tuluka, usadzapondenso muno!"

Filomena anatola chikwama chake nabwerera kwawo ku Lobi.

M'mawa mwake a Zikhalo anayatsa okha kompyutayo, alimi atandanda panja. Chidacho chinawafunsa kuti akufuna pulogalamu yotani. Dzuwa linafika paliwombo asanadziwe poyambira kuyankha.