Nkhokwe Yachiwiri ya Fackson

Mayi Filomena, wapampando wa kopaletivu ya alimi a mtedza ku Vubwi, analoza pa laputopu.

"A Fackson, mayina a alimi ndi mapu a minda yathu timasungitsa pa intaneti ku kampani imodzi. Nanga yachiwiriyi yachokera kuti?"

Fackson, woyang'anira makompyuta, anamwetulira. "Zili ngati nkhokwe ziwiri, mayi. Kwina kukavuta, tizitapa kwinako."

"Nzeru zabwino. Pasiwedi ya koyambako tili nayo anthu atatu. Ya kwachiwiriku ali nayo ndani?"

Fackson anayamba kupukuta fumbi pa kiyibodi.

"Amuna anga nawonso anamanga nkhokwe yachiwiri kwawo ku Sinda," anatero mayiwo, akumukankhira laputopuyo. "Ankati akuopa moto. Titangokolola, anapita osabweranso. Ilembeni pasiwediyo pompano, ine ndikuona."