Injini Imene Anatsegula Alamu

Panali munthu wina, mphunzitsi wa kusekondale, amene anagula galimoto yatsopano chifukwa cha amayi ake. Amayiwo ankadwala impso, ndipo sabata iliyonse ankapita kuchipatala chachikulu kukasefedwa magazi pa makina. Kunali kutali, ndipo akakwera basi ankafika atalefukiratu. Ogulitsa galimoto anamupatsa walanti: injini ikavuta nthawi yake isanathe, aikonza kapena kuisintha mwaulere, bola munthu wina asaitsegule.

Walanti itatsala pang'ono kutha, injini inayamba kugogoda ikangolizidwa m'mawa, ndipo kanyali kachikasu kanayaka pa dashibodi. Mkazi wake ndi amene anayamba kukaona.

"Bambo a ana, ipititseni kwa eni ake lero lomwe. Walanti ikadalipo."

"Akaisunge mpaka liti? Galimoto ikalowa pageti paja situluka msanga. Amayi aziyenda pa chiyani?"

Apa sankanama, chifukwa mnzake wa kuntchito anadikirapo yake mpaka kutopa. Koma panalinso china. Mlamu wake, mchimwene wa mkazi wakeyo, anali makaniko. Ndi amene anamuphunzitsa kuyendetsa, ndipo kwa zaka zambiri ankamukonzera chigalimoto chake chakale osalandira kanthu.

"Achimwene ndimawadziwa kuposa inu," anatero mkaziyo. "Manja awo ndi abwino, sindikukana. Koma iyi si yoti iwo atsegule. Ingoimbani foni kwa ogulitsa, mufunse."

"Ndiye amve kwa anthu kuti ndagula yatsopano ndayamba kuwaderera? Ndikangowaonetsa basi."

Loweruka anapita kugalaja kwa mlamu wake. Makanikoyo anatsegula boneti, anagunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake n'kuchiika kukhutu.

"Alamu, aka n'kachifuwa chabe," anatero akuseka. "Anyamata a mayunifolomu aja amaombeza pa kompyuta. Ine galimoto imandiuza yokha pamene pakuwawa."

"Koma musatsegule, alamu. Paja walanti."

"Adziwa bwanji? Bawuti iliyonse ndiibwezera pamalo pake."

Mphunzitsi uja anafuna kukana, koma mlamu wake anali atapinda kale malaya, sipanala ili m'manja. Anangokhala pa tayala lakale n'kumaonerera. Makanikoyo anamasula chivundikiro cha injini, anasuzumira, anamanganso. Anathira oyilo wokhuthala kuti phokoso lichepe, kenako anachotsa waya wa batire kwa kanthawi. Atabwezera, kanyali kaja kanali katazima. Injini inalira bwinobwino, ndipo onse anasangalala ndi mtima woona.

Sipanapite nthawi. Tsiku lina ali pa ulendo wa kuchipatala, amayi ake ali kumpando wakumbuyo, injini inagogoda mwamphamvu, inafuka utsi, n'kuzima. Panali pamalo opanda nyumba, dzuwa lili paliwombo. Mphunzitsi uja anayesa kuimitsa galimoto zodutsa, koma zinkangopitirira.

"Usadandaule mwanawe, tifika," anatero amayi aja, akupuma movutikira.

Pamene lole ina inkawafikitsa kuchipatala, nthawi yawo inali itadutsa ndipo pa makina panali wodwala wina. Anamwino anayesetsa, anawapezera malo mawa lake. Koma madzi anali atadzaza kale m'chifuwa. Anawagoneka, ndipo sabata yomweyo anamwalira. Adokotala sananene kuti kuchedwako n'kumene kunawapha, chifukwa amayiwo anali atafooka kalekale. Koma mwana wawo sanathe kuiwala mmene ankapumira kumpando kuja.

Maliro atatha, anakoketsa galimoto ija kupita nayo kwa ogulitsa. Walanti inali isanathebe. Kapitawo wa amakaniko anaunika ndi tochi n'kumuitana.

"Bambo, mabawuti awa amawadonthezera penti kufakitale. Taonani, pentiyo yasweka. Wina anatsegulapo apa. Oyiloyunso si wa injini imeneyi. Walanti siigwira."

"Koma inayamba kugogoda munthu asanaigwire."

"Ndikukhulupirirani. Injini zina za mtunduwu zinabwera ndi vuto la pampu ya oyilo. Mukanabwera kanyali katangoyaka, tikanasintha mwaulere, n'kukubwerekani galimoto ina yoyendera."

"Yoyendera? Mumabwereketsa?"

"Munthu akapempha, timatero."

"Nanga bwanji simunandiuze tsiku limene ndinkagula?"

Kapitawoyo anangozimitsa tochi.

Galimoto ija mphunzitsiyo anaikokeranso kunyumba n'kuifunditsa chinsalu. Mlamu wake anabwera ndi bokosi lake la zida, maso ali ofiira, n'kuima pakhomo. Mlongo wake anamupatsa mpando koma iye sanakhale.

"Alamu, ndinalakwa. Ndilekeni ndiiphwasule, ndiimange ndi manja angawa. Simulipira kanthu."

Mphunzitsi uja anayang'ana chinsalu chija kwa nthawi yaitali.

"Sindikukusungirani mlandu, alamu. Ndinabwera ndekha kugalaja kwanu. Koma mukaikonza, inyamula ndani?"

Akuti mpaka lero galimotoyo ili pomwepo, matayala ataphwa.

Phunziro: Galimoto ikadali pa walanti, kanyali kakayaka kapena injini ikasintha kaliridwe, yambani mwapita kwa amene anakugulitsani, ndipo mufunse zonse zimene angakuthandizeni. N'zoona kuti amachedwa, ndiponso samanena zonse pogulitsa. N'zoonanso kuti makaniko wachibale amakhala ndi luso komanso mtima wabwino. Koma kuzimitsa kanyali si kuchiza injini, ndipo manyazi okanira m'bale amatha tsiku limodzi, pamene zina sizibwereranso. Tumizirani nkhaniyi aliyense amene ali ndi galimoto, makamaka amene amanyamula odwala.