Ulendo wa Lachinayi kwa Dokotala wa Mano

Mayi wina wosoka zovala anakhala pabenchi yakumapeto, mpango atauphimba mpaka pamphuno ngati nayenso dzino lamuvuta. Holo ya bungwe lothandiza othawa nkhondo inali yodzaza. Uku ena akulemba mafomu ofunsira ntchito, uku ena akuphunzira chilankhulo cha dziko lachilendoli. Pakona, kuseri kwa chitseko chobiriwira, dokotala wa mano ankathandiza anthu pamtengo wotsika.

Mayiyu sanabwerere dzino. Anabwerera mwamuna wake.

Nkhondo inawalekanitsa zaka zinayi. Tsiku limene asilikali ankagwira anthu mumsewu wakwawo, mkazi anathawa n'kuwoloka malire, mwamuna anagwidwa. Atamasulidwa, a bungwe lomweli ndi amene anawalumikizanso. Koma munthu amene anafika pakhomo miyezi isanu yapitayo sanali wanthabwala uja. Chakudya ankadikira kuti mkazi atuluke ndiye adye. Kubafa ankakiya. Mkazi akamuyandikira, iye ankatembenuzira nkhope kumbali.

Koma likafika Lachinayi, malaya ankasita yekha, ndevu n'kumeta.

"Ndapita kwa dokotala wa mano," ankatero ali kale pakhomo.

Sabata ndi sabata? Munthu wosatupa tsaya, wosabuula ngakhale kamodzi? Mayiyo anasunga funsoli mumtima mpaka linayamba kumuwotcha.

Nthawi itakwana teni koloko mwamunayo anatulukira. Sanatenge nambala pawindo ngati anzake. Anangoima pafupi ndi chitseko chobiriwira, maso pansi.

"Onani, a bwana afika," ananong'ona mayi wina wotupa tsaya amene anakhala moyandikana ndi mayi wosoka uja. "Awo sadziwa mzere."

"Mumawadziwa?"

"Ndani sawadziwa? Anesi amachita kuwatenga okha. Akalowa amakhalitsa, mpaka ife kuno mano kupola okha."

Asanamalize n'komwe, nesi anasuzumira. Anali mtsikana wowongoka, woseka ndi maso omwe. Anamugwira mwamunayo pamkono, kumunong'oneza kanthu kukhutu, iye n'kugwedeza mutu mwamanyazi. Chitseko chinatsekedwa. Katani wa pazenera naye anakokedwa. Odwala ena onse ankalowa katani ali chitsegukire.

Mayi wosoka uja anayang'anitsitsa chitsekocho. Zaka zinayi akusoka mpaka msana kuuma. Zaka zinayi akukana amuna, akuyankha aliyense kuti, "Wanga ali moyo, abwera." Ndiye kubwera kwake n'kumeneku? Kunyumba osayankhula, kuno kunong'onezana ndi kamwana?

Anadikira kuti mwina atuluka msanga. Mphindi khumi zinatha. Zinakwana makumi awiri. Mkatimo munamveka kuseka kwa nesi uja.

Anavula mpango n'kuimirira.

"Mayi, mayi! Nambala yanu ndi chani?" anakuwa mlembi wa pawindo.

"Nambala wani," anayankha osacheuka. "Ndine mkazi wake."

Anakankha chitseko ndi phewa.

Dokotala, bambo waimvi, anali chakumbali akupala kanthu pamakina. Nesi anali atagwira nyale. Mwamunayo, ali chigonere pampando, atangomuona anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, maso ali tong'o ngati wakuba wopezeredwa.

"Mayi, chonde dikirani panja," anatero nesi.

"Iwe khala chete, sindikuyankhula nawe." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo, miyezi isanu mukundibisira nkhope. Ngati mtima wanu unapita kwina, nenani pompano anthu akumva. Chotsani manjawo mundiyankhe."

Mwamunayo anayang'ana dokotala. Dokotala anazimitsa makina n'kugwetsa nkhope. Pang'onopang'ono manja aja anatsika.

Milomo inali italowa mkati ngati ya nkhalamba. M'kamwa munalibe dzino ngakhale limodzi. Mano oyera amene mkaziyo ankawaona tsiku ndi tsiku anali oikirira, ndipo anali m'manja mwa dokotala, amene ankawapala kuti asiye kumucheka nkhama.

"Enieniwo anatsala kundende," anatero mwamunayo movutikira. "Ankandifunsa kumene munathawira. Ndikakana kunena, ankazula limodzi. Mano anatha, mayi, koma sindinanene."